Mutu 6: Ng'anjo Yopanda Popumira

1. Chikwama pa mpando

Chikwama chakuda cha paulendo chinatsitsidwa pamwamba pa kabati, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munasowa woseka. Mayi ake a Mafunso anachipukuta fumbi, anasoka pamene makoswe anabowola, kenako anachikhazika pa mpando wa pabalaza. Aliyense wodutsa ankachilambalala ngati mlendo wosamufuna.

Mafunso linali dzina longomupatsa. Mtsikanayu chibadwire sanalolepo chinthu kumudutsa osachifunsa. Ali wamng'ono anafunsapo mlendo wolemekezeka, anthu ali pakati pa kudya, chifukwa chake nkhuku sizikodza. Mlendoyo anatsamwa, dzina nkukakamira. Tsopano anali mu Fomu 3, koma khalidwelo linali lisanamuchoke.

Za chikwamacho sanafunse. Yankho ankalidziwa kale.

Bambo ake anali katswiri wootcha makala. Nkhalango itatsekedwa anasiya ntchitoyo osakangana ndi munthu. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kaphiri ka miyala yoyera, ndipo mmisiri wina womanga nyumba anawauza kuti miyala imeneyo ikaotchedwa bwino imasanduka laimu, yemwe amisiri amamufuna pomangira ndi popaka makoma. Bambowo anamanga ng'anjo ya njerwa m'mbali mwa kaphiriko, yotalika kuposa munthu, khomo la moto pansi, kamwa pamwamba. Nkhuni anadula ku mitengo ya bulugamu yomwe anadzala okha m'malire mwa munda.

Anaotcha koyamba. Mmisiri uja anabwera, anatola mwala umodzi ndi kuuthira madzi. Laimu weniweni akathiridwa madzi amawira, amatentha, nkufumbutuka kukhala ufa woyera. Mwala uwu unangoti duu, kunyowa basi. Anaotcha kachiwiri, zomwezo. Mmisiriyo anapepesa kwambiri, anakwera njinga yake ndi kupita.

Nkhuni zotsala zinali zokwanira kuotcha kamodzi kokha. Nthawi yomweyo panamveka kuti kukubwera lole yodzatenga anthu okagwira ntchito ku migodi ya kutali, kumene munthu amatha zaka osaona banja lake. Bambo ake a Mafunso sanabise mawu. Anati ayesa komaliza, ndipo mwala ukakananso, akwera loleyo.

Mawa lake mayi anagula botolo la soda ndi kuliika m'thumba la m'mbali mwa chikwamacho kuti likhale kamba wa paulendo. Mafunso ataliona botololo mtima unamuwawa kwambiri. Ankawakonda bambo akewo, ndipo ankadziwa amuna awiri a pafupi nawo amene anakwera lole ngati imeneyo osabwererako.

2. Mabeseni awiri

Aphunzitsi a sayansi anali mayi wamfupi, wolankhula mothamanga. Ana ankawatcha a Magalasi, chifukwa magalasi awo ankakhala pamphumi tsiku lonse, eni ake ali kalikiliki kuwafunafuna patebulo.

Sabata imeneyo a Magalasi analowa m'kalasi atanyamula mabeseni awiri, ndowa ya madzi ndi makapu awiri. Wina kumbuyo ananong'ona kuti lero kuli kuchapa, kalasi yonse inaseka.

Aphunzitsiwo anadzaza beseni la kumanzere, la kumanja analisiya louma. Anaitana anyamata awiri ataliatali amene ankakonda kugona m'kalasi. Mmodzi anamupatsa kapu yaikulu kuti azitunga kumanzere ndi kuthira kumanja. Winayo anamupatsa kapu yaing'ono kuti azitunga kumanja ndi kubweza kumanzere. Lamulo linali limodzi: kapu izigona cham'mbali pansi pa beseni, ndipo beseni lisapendekedwe. Madzi akakhala ambiri kapu imatunga ambiri, akachepa imatunga ochepa.

Poyamba madzi a kumanzere anatsika msanga, a kumanja nkumakwera. Patapita kanthawi, madzi anaima. Kumanzere kunatsala ochepa, kumanja ambiri, ndipo zinangokhala choncho. Anyamata aja anali thukuta kamukamu, akutungabe, koma palibe chinkasintha.

"Taonani bwino," anatero a Magalasi. "Madzi aima, koma anyamatawa sanaime. Opita ndi obwerera akufanana tsopano. Zinthu zambiri m'chilengedwe zimasintha chonchi. Zimapita kutsogolo, zimabwereranso m'mbuyo, mpaka mbali ziwirizo zitafanana mphamvu. Ukayang'ana kunja umati ntchito yatha, chikhalirecho m'kati zikuchitikabe."

Kenako anatenga ndowa ija ndi kuyamba kuchotsa madzi a kumanja, kumakataya panja pa maluwa. Wobweza uja anayamba kusowa chobweza. Madzi a kumanzere anayambanso kutsika, mpaka beseni linati gwaa.

Aphunzitsiwo anafotokoza kuti zinthu zikafanana mphamvu choncho, munthu angathe kuzikankhira mbali imene akufuna. Akachotsa chomwe chikupangidwacho, zimathamangira kutsogolo kukadzaza pamene pachepapo. Akachisiya chiunjikane, zimaima, mwinanso kubwerera. Kutentha nakonso kumakankha, ndipo kupanikiza mpweya pamalo otseka kumakankhanso.

Anatembenukira ku bolodi ndi kulemba chitsanzo. Kumanzere analemba mwala wa laimu. Kumanja analemba laimu ndi mpweya wotchedwa kabonidayokisaidi. Pakati anajambula mivi iwiri, wina wopita, wina wobwerera. Anati moto waukulu ndi umene umaswa mwalawo kuti mpweya utuluke, koma mpweyawo ukatsekeredwa pomwepo umalowanso mu laimu, laimuyo nkusandukanso mwala.

Mkono wa Mafunso unali kale m'mwamba.

"Madamu, nanga ng'anjo ikakhala yomata pamwamba?"

A Magalasi anafunsa kuti ndi ng'anjo ya yani. Mafunso anafotokoza zonse: kuti bambo ake akadzaza miyala amamata kamwa la ng'anjo ndi dothi, kungosiya timabowo tolowa chala, monga ankachitira ndi makala, ndipo moto ukatha amamatanso paliponse kuti zizizire zili m'kati.

Aphunzitsiwo anatsitsa magalasi aja ndi kuwavala, zomwe zinkachitika kamodzikamodzi.

"Ng'anjo yanuyo sindinaione, ndiye sindingalumbire," anatero. "Koma makala amafuna kubanika, laimu amafuna kupuma. Mpweya wabwino ulowe pansi kuti moto ukule, woipawo utulukire pamwamba. Ndipo umve ichi, mwana iwe. Mpweya umenewo suoneka, sununkha, koma umapha. Usakwere pa ng'anjo moto ukuyaka, ngakhale wina akutume."

3. Chenjezo la akuluakulu

Loweruka m'mawa miyala inali itadzazidwa kale m'ng'anjo. Pa dzenje la dothi panali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo ake a Mafunso, akuponda matope buluku atapinda mpaka m'mawondo. Iwowa ndi amene anaphunzitsa mng'ono wawo kuotcha makala. Anali munthu wabwino mtima, koma kunena zoona, kuwauza chinthu chatsopano kunali ntchito yofuna kudyeratu kaye.

Mafunso anabwera ndi madzi akumwa, anagwada ndi kupereka. Atamwa, mtsikanayo anapempha kuti alankhulepo. Anafotokoza za mivi iwiri ija, za mpweya wotsekeredwa, ndipo anamaliza ndi kunena kuti mwina pamwamba pasamatidwe.

Bambo aakulu anatuluka m'matope muja pang'onopang'ono ndi kukhala pa mwala.

"Mwana wanga, khala pansi ndikuuze," anatero. "Ine ndinayamba kusewera ndi moto bambo akowa asanamere mano. Moto ndi wakuba. Ukangoona kumwamba, umathawa ndi mphamvu zako zonse. Tili anyamata, mnzathu wina anasiya kabowo pa uvuni wake wa makala, kabowo kochepa ngati chibakera changachi. Mphepo inalowa. Pobwera anapeza phulusa lokhalokha, mitengo imene anadula mwezi wathunthu. Munthu wamkulu analira ngati mwana. Tsono iwe ukuti tisiye kamwa lonse lili yasa? Nkhuni zatsalazi waziona? Zikapsa zimenezi palibenso zina. Sukulu ndi yabwino, ine sindikana, ndipo ndimanyadira ukamakhoza mayeso. Koma moto wa pa bolodi suotcha munthu. Aphunzitsi akowo akalakwitsa amafufuta ndi kansalu. Ife tikalakwitsa pano, bambo ako akwera lole. Uziganiza kaye usanalankhule pa ntchito ya akulu."

Mafunso anayang'ana bambo ake. Iwo anayang'ana pansi, kenako anamuuza mofatsa kuti apite akathandize mayi ake.

Pofika masana kamwa la ng'anjo linali litamatidwa bwinobwino, losalala, timabowo take tili ndandanda. Amuna awiriwo anatenga ngolo kukatuta nkhuni zomaliza kumunda. Moto anati auyatsa akabwerako.

Mafunso anatsala yekha pa ng'anjo. Dothi linali lisanaume. Khasu linali pomwepo, ndipo makwerero anali chiimire. Kuseri, mbali yoyang'ana kuphiri, munthu akanatha kubowola dzenje lalikulu osaoneka kwa amene ali pa khomo la moto. Anatola khasulo ndi kuponda pa makwerero.

"Ukupita nalo kuti khasulo?"

Anali mayi ake, ndowa ili pamutu. Mafunso sananame. Anawauza.

Mayiwo anatula ndowa.

"Ine za mipweya yakoyo sindizidziwa," anatero. "Mwina ukunena zoona. Koma taganiza. Ukabowola mobisa zinthu nkukanika, bambo ako akwera lole, ndipo iwe udzakhala moyo wako wonse ukudziwa kuti unawakweza ndiwe. Ukabowola mobisa zinthu nkutheka, iwo aziti dothi lawo lagwira ntchito. Ulendo wina adzamatanso, mwina mokhuthala kuposa apa. Udzabowolanso? Udzakhala ukubowola mpaka liti? Ndipo tsiku limene adzadziwe kuti mwana wawo amawayenda kuseri, adzakukhulupiriranso pa chiyani? Bambo ako si munthu wouma mutu. Ali ndi mantha basi, ndiponso akulemekeza akulu awo. Ngati uli ndi zoona, kaziike poyera, aziwone ndi maso awo."

Mafunso anaima pa makwerero kanthawi. Kenako anatsika, anatsamiritsa khasu pamene analipeza, ndi kufunsa mayi ake ngati angamulole kutenga botolo lija la m'chikwama.

Mayiwo anamuyang'anitsitsa. Anati atenge, koma akalitaya pachabe aona.

4. Botolo la soda

Ngolo itafika, Mafunso anadikira kuti nkhuni zitsitsidwe. Bambo aakulu atangotulutsa machesi, mtsikanayo anagwada patsogolo pa bambo ake, botolo lili m'manja, ndi kupempha kuti asanayatse aone kanthu kamodzi kokha. Analonjeza kuti akatha pamenepo salankhulanso.

Bambo aakulu anaseka, nati limenelo ndiye lonjezo loti mwana ameneyu sangalisunge. Koma anakhala pansi.

Mafunso anakweza botololo padzuwa. Sodayo inali phee ngati madzi wamba. Anafotokoza kuti m'katimo muli mpweya womwe uja umakhala mu mwala. Wina uli m'madzimo, wina uli pa kampata ka pakhosi pa botolo. Wotuluka m'madzi ndi wobwereramo akufanana, nchifukwa chake sipakuoneka kanthu. Anapereka botololo kwa bambo ake kuti alifinye. Linali gwa.

Mafunso analitenganso ndi kupotokola chitsekerero pang'ono. Linati psii, ndipo thovu linayamba kukwera kuchokera pansi penipeni. Anatseka. Posakhalitsa thovu linaleka. Anatsegulanso, linayambiranso. Anatseka, linaleka.

"Ndikatseka, mpweya ulibe kopita, ndiye wotsalawo sutuluka," anatero. "Ndikasiya chitsegulire, utuluka wonse mpaka sodayi itazirala. Bambo, mwala wathu tikufuna uzirale choncho. Koma ife timauika m'botolo ndi kutseka."

Bambo aakulu anati soda ndi soda, mwala ndi mwala, ndipo iwo sanaonepo munthu akumwa mwala. Koma mng'ono wawo sanaseke nawo. Anatenga botolo lija, anatsegula, anatseka, anatsegulanso. Ankaoneka kuti akukumbukira kanthu.

"Achimwene," anatero, "ulendo wachiwiri uja dothi linang'aluka mbali ya kuphiri. Mukukumbukira? Utsi unkatulukira pamenepo, inu munandikalipira kuti ndinamata mwaulesi. Pofukula, miyala ya pa mng'alu pamenepo inali yopepuka. Ndinaitaya pambali poganiza kuti yapserera. M'mawa mwake, mame atagwa, ndinapeza yasanduka ufa."



Bambo ake a Mafunso anaimirira, anatola khasu lomwe lija ndi kukwera makwerero. Asanamenye anatembenuka ndi kuyang'ana mwana wawo.

"Zikakanika, wabowola ndine," anatero. "Wamva? Osati iwe."

Dothi linayamba kugwa zibuma zibuma. Mafunso misozi inalengeza m'maso, koma inali ya chimwemwe. Bambo aakulu anabweza machesi m'thumba, anatsitsa miyendo ya buluku, nati iwo sangaonerere nkhuni zikuphedwa masanasana. Anapita kwawo osatsanzika.

5. Moto woona kumwamba

Moto unayaka mwaukali umene banjalo linali lisanauonepo. Mphepo inkalowa pa khomo la pansi ikulira, utsi nkumatuluka pamwamba uli tolotolo. Koma chenjezo la bambo aakulu silinali la bodza. Nkhuni zinkatha ngati udzu. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, mulu unali utatsika moonekeratu, ndipo bambo ake a Mafunso anayamba kuuyang'ana pafupipafupi.

Mukuganiza kuti bambo aakulu anapitadi? Anali pansi pa mtengo wa kumalire, manja kumbuyo, akuonerera zonse. Ataona mng'ono wawo akuponya zipika zitatu nthawi imodzi, anapirira. Ataona akuponyanso zina, analephera kupirira.

Anabwera akukalipa kuchokera kutali. Anafunsa ngati mng'ono wawoyo anaphunzira ntchito kwa munthu kapena kwa mbuzi. Moto wotsegula, anatero, sudyetsedwa ngati nguluwe. Nkhuni ziwazidwe zing'onozing'ono, zilowe pang'onopang'ono koma mosalekeza. Khomo la pansi lichepetsedwe ndi njerwa kuti mphepo ilowe yokwanira moto, osati yoziziritsa miyala. Pamwamba aikepo zibuma zikuluzikulu za miyala motalikirana, kuti kutentha kuzichedwa m'katimo koma utsi uzidutsa.

Ananena zonsezi akuvula malaya ndi kutola nkhwangwa. Za botolo sanatchule, ndipo palibe anawakumbutsa.

Kuyambira pamenepo mulu wa nkhuni unayamba kutsika mwaulemu. Amuna awiriwo ankasinthana pa khomo la moto. Bambo aakulu anajambula mzere pansi ndi phazi, nalamula kuti mwana aliyense asaudutse, ndiponso kuti wotopa akagone kunyumba, osati pafupi ndi ng'anjo. Mafunso atawauza kuti aphunzitsi ake ananenanso zomwezo, iwo anati ndiye kuti aphunzitsiwo ali ndi nzeru pang'ono.

Mafunso ankawaza nkhuni ndi kutunga madzi, koma tsiku la sukulu litafika mayi ake anamuthamangitsira kusukulu. Anapita thupi lokha. A Magalasi atamufunsa funso losavuta, anayankha kuti nkhuni, kalasi yonse nkufa nacho chiseko.

Tsiku limene moto unkayembekezeka kutha, Mafunso anabwerera kunyumba chothamanga. Ali patali anaona bambo ake atakhala pa ngolo yopanda kanthu, akumwetulira. Nkhuni zinali zitakwanira ndendende. Bambo aakulu anali atasuzumira pa khomo la moto ndi kunena kuti miyala yafiira mpaka pamwamba, mtundu umene iwo ankaufuna.

Koma Mafunso anaonanso china. Bambo aakuluwo anali m'dzenje lija, buluku atapinda, akuponda matope.

Sizinali zamakani. Manja awo anazolowera kuti moto ukatha, umamata kuti zizizire. Ndipo kumwamba kunali mitambo. Anafotokoza kuti mvula ikagwera pa ng'anjo yotsegula, ntchito yonse ithera pomwepo.

Mafunso anaiwala lonjezo lake loti salankhulanso.

"Bambo aakulu, muvi wobwerera uja ndi pano," anatero akupuma mwawefuwefu. "Makala a pansiwo akutulutsabe mpweya womwewo. Mukamata, laimu akamazizira aumezanso. Tibweza mwala umene tauvutikirawu."

Bambo aakulu anayang'ana matope, anayang'ana mitambo, anayang'ana mwanayo. Anafunsa kuti nanga mvula aiuze chiyani.

Anayankha ndi mng'ono wawo. Anati makala otsalawo awakokere panja ndi chitsulo chachitali. Pamwamba aike malata, koma okhala pa njerwa, kuti mvula isalowe koma mpweya uzidutsa m'mbali. Bambo aakulu anaganiza, anagwedeza mutu, ndi kutuluka m'dzenjemo. Anadandaula kuti matope abwino ngati amenewo atayika chabe. Malata a pa khola la nkhuku anasamuka tsiku lomwelo, ndipo mvula itabwera inangogogoda pamwamba.

6. Mwala uyankha

Ng'anjo itazizira, mmisiri uja anabwera pa njinga yake. Nkhope yake inali ya munthu amene wakonzekera kupepesa kachitatu. Anthu oyandikana nawo anasonkhana, ena kudzalimbikitsa, ena kudzaona mmene zikanikire. Lole ya ku migodi inali itafika kale pa msewu waukulu m'mawa womwewo, ndipo chikwama chinali chomangamanga pabalaza.

Mmisiriyo anatola mwala wa pamwamba, anauyeza m'dzanja, nakweza nsidze. Unali wopepuka. Anauika pa lata, anauza ana kuti asunthe chifukwa laimu akalowa m'maso amaotcha, kenako anathira madzi.

Mwala unangoti duu.

Mayi ake a Mafunso anagwira mkono wa mwana wawo mwamphamvu. Bambo anayang'ana kumbali. Wina m'gulumo anatsokomola.

Kenako panamveka kaphokoso ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma. Mwalawo unang'aluka. Nthunzi inatuluka, madzi anayamba kuwira pa lata popanda moto, mwala nkumatupa, kumagawanika, kumafumbutuka, mpaka pa latapo panatsala mulu wa ufa woyera mbee.

Mmisiriyo anapita pa khomo la pansi, anatulutsa mwala wina, anathira madzi. Unawira. Anapempha wa pakati penipeni, pamene miyala imakonda kukana. Unawiranso. Apo ndi pamene anavula chipewa.

"Bambo, uyu ndi laimu," anatero. "Nditenga yense. Mudzaotchanso liti?"

Mayi ake a Mafunso analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Bambo anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene kunali kutaiwalika m'nyumbamo. Atadandaula kuti nkhuni zatha, mmisiriyo anati ku makina ocheka matabwa kumene iye amagula mitengo ya denga kuli milu ya zidutswa zomwe eni ake amasowa kozitaya, ndipo akawalankhulira.

Bambo aakulu anali kale pakati pa gulu, akufotokozera anthu kuti laimu si makala, laimu amafuna kupuma, ndipo anthu ambiri sadziwa zimenezi. Wina atawafunsa kuti anazidziwa bwanji, anakanda m'mutu. Kenako anaitana Mafunso, anamuimika patsogolo pawo ndi kuika dzanja lawo lolemera paphewa pake.

"Wandiphunzitsa ndi uyu," anatero. "Wa m'banja mwathu ameneyu."

Chakumasana lole ija inadutsa pa msewu wa kumunsi, itadzaza amuna ndi zikwama zawo. Woyendetsa anaimba hutala kawiri pa mphambano, kudikira. Bambo ake a Mafunso anaima pafupi ndi ng'anjo, ali mbuu ndi laimu kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, anakweza dzanja ndi kubayibitsa. Lole inanyamuka. Mafunso anaiyang'ana mpaka fumbi lake litatha, ndipo anali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake.

M'nyumba, mayi anamasula chikwama ndi kubwezera malaya m'kabati amodziamodzi, akuimba chapansipansi. Soda yozirala ija anagawana onse, ndipo bambo aakulu anati sanamwepo yokoma choncho. Bambo ananyamula chikwama chopanda kanthucho, anaponda pa mpando kuti achibwezere pamwamba pa kabati.

Pomwepo panamveka odi pakhomo.

Anali a Magalasi, nsapato zili fumbi, magalasi ali pamphumi. Anati mbiri ya laimu yawapeza kusukulu, ndipo abwera kudzaona ndi maso. Atakhala pansi ndi kulonjeredwa, ananena chimene anadzera. Kumzinda waukulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kunali mpikisano wa sayansi wa masukulu onse. Sukulu yawo inali isanatumizeko mwana chiyambire. Iwo ankafuna kuti Mafunso apite akaonetse za mabeseni, za botolo ndi za ng'anjo, ngati makolo angalole.

Mayi anasiya kuimba. Bambo aakulu anaika kapu pansi.

"Mwana wamkazi, kumzinda?" anatero. "Ine ndili moyo?"

Mafunso anayang'ana bambo ake, amene anali chiimire pa mpando paja, chikwama chili m'mwamba.

Bambowo anayang'ana mkulu wawo, anayang'ana mwana wawo. Kenako anatsika pang'onopang'ono, anapukuta mpando ndi dzanja, ndi kukhazikanso chikwamacho pa mpandopo, kuti chidikire ulendo wa mwana wawo.